Mabuku omvetsera ku Dowa ndi ku Ntchisi

Buku lomvetsera ndi buku limene munthu waliwerenga mokweza, mawu ake n'kujambulidwa kuti ena azilimva pa wailesi, pa foni kapena pa kachipangizo koyenda nako koimbira nyimbo. Kukonza buku lotere ndi ntchito yonse imene imachitika kuyambira pojambula mawu mpaka pamene bukulo lalowa m'memori khadi ndipo likumveka bwino, mutu ndi mutu, m'dongosolo lake. M'maboma a Dowa ndi Ntchisi, m'chigawo chapakati cha Malawi, mabuku omvetsera a m'Chichewa amene amapezeka kwambiri ndi achipembedzo, makamaka Baibulo. Anthu ambiri amawamvera pa timawailesi tolowa memori khadi ndi fulashi, kapena pa mafoni a mabatani. Zipangizo zimenezi anazipangira nyimbo za mphindi zinayi kapena zisanu, pamene buku limatha maola 10, 20 ngakhale kuposa apo. Mavuto ambiri a ntchitoyi amachokera pa kusiyana kumeneku.

Mbiri

Mabuku omvetsera anayamba ngati thandizo kwa anthu osaona. M'zaka za m'ma 1930 mabungwe a ku America ndi ku Britain anayamba kujambula mabuku pa zimbale za galamafoni. Ku Britain ntchitoyi inayamba mu 1935, ndipo ena mwa oyamba kupindula nayo anali asilikali amene anachita khungu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kaseti, imene kampani ya Philips inatulutsa mu 1963, ndi Walkman ya Sony ya mu 1979, zinachititsa kuti munthu azitha kuyenda ndi buku m'thumba. Kaseti inali ndi ubwino wina umene zipangizo zotsatira zinautaya: womvera akaimitsa, tepi inkakhala pomwepo mpaka tsiku lodzapitiriza. Mafayilo a MP3, amene anafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anachepetsa katundu koma anasiyira chipangizo udindo wokumbukira pamene munthu walekezera.

Dera la Dowa lili ndi malo ake m'mbiri ya buku limene limamvedwa kwambiri m'njira imeneyi. Mu 1889 amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anatsegula siteshoni yawo yoyamba ku Mvera, m'dera la Mfumu Chiwere, ndipo ya ku Kongwe inatsatira mu 1894. Mbali ya ntchito yomasulira Baibulo lonse m'Chinyanja, motsogozedwa ndi William H. Murray, inachitikira pa phiri la Kaso ku Mvera, ndipo Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Pa nthawiyo odziwa kuwerenga anali ochepa, choncho anthu ambiri ankalidziwa bukulo pomva mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo akuwerenga. Kumasulira kwatsopano, Buku Loyera, kunatuluka mu 1998.

Bungwe la Faith Comes By Hearing, limene linayamba mu 1972 ku Albuquerque ku America ngati malo obwereketsa makaseti, lagwira ntchito ndi Bible Society of Malawi pofalitsa Chipangano Chatsopano chojambulidwa m'Chichewa. Chipangizo chake chodziwika ndi Proclaimer, kabokosi kokhala ndi mawu ojambuliratu, kotchajidwa ndi dzuwa kapena popukusa chogwirira, kopangidwira gulu la anthu omvera pamodzi. Mawu omwewo amapezeka pa pulogalamu ya pa foni ya Bible.is. A Mboni za Yehova nawonso amaika mabuku ndi magazini awo ojambulidwa m'Chichewa pa intaneti. Kumbali ya sukulu, pulogalamu ya Tikwere, imene inayamba kuulutsidwa pa MBC mu 2008 kwa ana a m'makalasi oyambirira, inazoloweretsa aphunzitsi kuphunzitsa mothandizidwa ndi mawu ojambulidwa, ngakhale kuti wailesi imayendera nthawi yake osati ya womvera.

Omvera ndi zipangizo zawo

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 770,000 ku Dowa ndi oposa 310,000 ku Ntchisi, ambiri a iwo alimi a kumudzi. M'dziko lonse, anthu pafupifupi 69 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ndi amene ankadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo nyumba zounikira magetsi a ESCOM zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, zambiri mwa izo za m'tauni. Omvera mabuku ndi a mitundu ingapo. Alipo osaona, amene mabuku a zilembo za Braille sawafikira kawirikawiri chifukwa ndi odula ndiponso aakulu: Baibulo lonse la Braille limakwana mavoliyumu pafupifupi 40. Alipo okalamba amene maso awo achita ng'ala, ndi ena amene sanapite patali ndi sukulu. Ndiye alipo odziwa kuwerenga bwinobwino koma manja ali pa ntchito, monga posankha fodya m'chigafa, potong'ola chimanga kapena poswa mtedza.

M'zigwa za pakati pa mapiri netiweki ya foni imaduladula, ndipo bandulo ya intaneti ndi yodula kwa mlimi. Choncho buku silimvedwa pa intaneti mwachindunji. Munthu mmodzi amalikopera kamodzi, kenako limayenda pa memori khadi, pa Bluetooth kapena kudzera kwa anyamata a makompyuta oika nyimbo m'makhadi, amene amapezeka m'malo a malonda monga Mponela, Madisi, Mvera, Malomo ndi pa maboma awiriwa. Ku Dzaleka, msasa wa anthu othawa kwawo umene unatsegulidwa ku Dowa mu 1994, kumakhala anthu ochokera ku DR Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena, kotero buku limodzi lomwelo likhoza kufunidwa m'Chiswahili, m'Chifalansa, m'Chikirundi kapena m'Chinyarwanda. M'malo otero chilankhulo chimayenera kuoneka pa dzina la foda.

Kawailesi ka memori khadi nthawi zambiri kamakhala ndi kagalasi koonetsa manambala okha, ndipo ena alibe n'komwe. Sikaonetsa dzina la buku kapena la mutu. Foni ya mabatani imaonetsa dzina, koma zilembo zochepa zoyambirira zokha.

Kuwerenga ndi kujambula

Pamene buku silinajambulidwepo, gawo loyamba ndi kupeza wowerenga. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukweza kapena kutsitsa liwu, koma kalembedwe kake sikasonyeza zimenezi. Mawu akuti mtengo amatanthauza chomera kapena ndalama zogulira chinthu, ndipo khungu ndi chikopa cha munthu kapena kusaona, malinga ndi katchulidwe. Ngakhale ndi wa m'chiganizo chakuti uyu ndi mwana samveka chimodzimodzi ndi wa m'chiganizo chakuti wabwera ndi mwana. Wowerenga chamumtima amakonza yekha akafika kumapeto kwa chiganizo, koma cholakwa chojambulidwa chimabwerezedwa kwa womvera aliyense. N'chifukwa chake wowerenga amayamba wawerenga ndime yonse mwakachetechete ndi kuika zizindikiro ndi pensulo, ndipo munthu wachiwiri amatsatira m'buku kuti aimitse pamene padumphidwa mzere. Mabuku akale amawonjezera ntchito ina. M'makope akale a Buku Lopatulika, chilembo c chimaimira ch wa masiku ano, ndipo wachinyamata wosazolowera amapunthwa pa mawu amene agogo ake amawadziwa pamtima.

Chipinda n'chofunika kuposa maikolofoni. Tchalitchi kapena kalasi ya malata ndi simenti imabweza mawu, ndipo m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, madontho a pa denga amamveka kuposa wowerenga. Kachipinda ka nyumba ya udzu, kokolekamo mabulangete m'makoma, kamatulutsa mawu oyera. Chigayo, njinga zamoto za kabaza ndi atambala zimachititsa kuti ambiri asankhe kujambula usiku. Maikolofoni kapena foni imaikidwa pa mtunda wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pakamwa, cham'mbali pang'ono, chifukwa mpweya wa ph, th ndi kh umawomba mwamphamvu ukalunjika. Mtundawo suyenera kusintha tsiku ndi tsiku.

Mawu ojambulidwa amakonzedwa pa kompyuta ndi pulogalamu monga Audacity, imene ndi yaulere. Wokonza amadula chifuwa, zobwereza ndi phokoso la kutembenuza tsamba, kenako amalinganiza mphamvu ya mawu kuti mutu wina usanong'one pamene wotsatira ukukuwa. Zimenezi zimaoneka zazing'ono pa mahedifoni, koma pa sipika ya kawailesi, pabwalo pamene pakhala anthu 15 ndipo mphepo ya mwera ikuwomba, mutu wotsika mawu sumveka konse.

Mtundu ndi kukula kwa mafayilo

Mawu osapanikizidwa, a mtundu wa WAV wofanana ndi wa pa CD, amadya malo opitirira 600 MB pa ola. Amasungidwa ngati kope loyamba, koma opita kwa omvera amasandutsidwa MP3, chifukwa ndiwo mtundu umene pafupifupi chipangizo chilichonse chimaudziwa. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp umakhala wa mtundu wa Opus, ndipo mafoni ambiri a mabatani amajambula mu AMR. Mawailesi ambiri amangodumpha mafayilo oterewa ngati kulibe.

Kukula kwa MP3 kumadalira bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa deta imene yapatsidwa kwa sekondi iliyonse ya mawu. Nyimbo zimaikidwa pa 128 kbps kapena kuposa, zimene zimadya pafupifupi 58 MB pa ola. Liwu la munthu mmodzi silifuna zonsezo. Pa 64 kbps, m'njira imodzi ya mono m'malo mwa stereo, ola limatenga pafupifupi 29 MB ndipo khutu silimva kusiyana kwenikweni pa sipika yaing'ono. Pa 32 kbps ola limatenga pafupifupi 14 MB, koma s, ts ndi ps amayamba kumveka ngati madzi. Chipangano Chatsopano, chimene chimatenga maola pafupifupi 20, chimadya pafupifupi 580 MB pa 64 kbps, ndipo Baibulo lonse la maola oposa 70 limakwana m'khadi la 4 GB. Bitrate yosasinthasintha ndiyo yodalirika, popeza zipangizo zotchipa zimasokonezeka powerengera nthawi ya fayilo imene bitrate yake imakwera ndi kutsika. MP3 ikapanikizidwanso kachiwiri mawu amaipiraipira, choncho kope latsopano limachokera ku WAV ngati ilipo.

Dongosolo la mitu

Nyimbo zikasokonezeka dongosolo palibe amadandaula. Buku likasokonezeka, munthu wa m'nkhani amaikidwa m'manda asanadwale. Pali njira zitatu zimene zipangizo zimatsata posanja mafayilo, ndipo wokonza sadziwa kuti khadi lidzathera m'chipangizo chiti.

Njira yoyamba ndi ya alifabeti. Mabuku a Chipangano Chatsopano akangotchulidwa maina awo, Aefeso, Agalatiya ndi Aroma amatsogola, Chivumbulutso chimabwera Mateyu asanafike, ndipo Luka amadumphira kutsogolo kwa Marko. Manambala nawonso amanyenga: chipangizo chimaona chilembo choyamba, kotero mutu 10, 11 mpaka 19 imamveka mutu 2 usanafike. Mankhwala ake ndi kuyamba dzina lililonse ndi nambala yokhala ndi ziro kutsogolo. Chipangano Chatsopano chili ndi mitu 260, choncho manambala amakhala a malo atatu, kuyambira 001 mpaka 260. Mateyu 1 amakhala 001, Marko 1 amakhala 029, Luka 1 ndi 045, Yohane 1 ndi 069, Machitidwe 1 ndi 090, ndipo Chivumbulutso 1 ndi 239. Baibulo la mabuku 66 lili ndi mitu 1,189 ndipo limafuna malo anayi, kapena foda ya buku lililonse yoyamba ndi 01 mpaka 66. Nambala imatsogola chifukwa pa foni ya mabatani mapeto a dzina lalitali saoneka. Chilembo ŵ ndi kachizindikiro ka mu ng' zimasiyidwa m'maina a mafayilo, popeza zipangizo zina zimazisandutsa timabokosi.

Njira yachiwiri imatsata timauthenga tobisika m'kati mwa MP3 totchedwa ID3, mmene mumalembedwa mutu, dzina la woimba, la chimbale ndi nambala ya nyimbo. Mafoni a Android amasanja motsatira zimenezi. Wokonza amaika dzina la wolemba pamalo pa woimba, la buku pamalo pa chimbale, ndi nambala yofanana ndi ya pa dzina la fayilo. Mafayilo okopera pa intaneti nthawi zina amabwera ndi ID3 yosagwirizana, ndipo buku limodzi limagawikana m'zimbale zitatu.

Njira yachitatu ndiyo imazunguza anthu ambiri. Mawailesi ambiri otchipa sayang'ana dzina kapena ID3. Amaimba mafayilo m'dongosolo limene analembedwera m'ndandanda ya khadi pokopera. Pa kompyuta zonse zimaoneka zili m'malo mwake, chifukwa kompyutayo imasanja poonetsa, koma wailesi imayambira mutu 14. Zimachitika makamaka pa khadi limene munali nyimbo zimene zinafufutidwa, chifukwa mafayilo atsopano amalowa m'mipata ya akale. Pofuna kupewa zimenezi, khadi limafufutidwa lonse ndi format, kenako mafoda amakoperedwa imodziimodzi kuyambira yoyamba. Palinso mapulogalamu aang'ono monga FATSort amene amasanjanso ndandandayo popanda kukopera kachiwiri. Fayilo imodzi ikasinthidwa pambuyo pake, ikhoza kuthawira kumapeto.

Mawailesi ambiri ali ndi batani losakaniza nyimbo ndi lina lobwereza imodzi yomweyo. Mwana akalidina posewera, buku lokonzedwa bwino limamveka ngati losokonekera. Buku likakhala m'khadi limodzi ndi nyimbo, kwaya imalowa pakati pa mitu, ndipo manambala onse amasuntha nyimbo yatsopano ikawonjezedwa. Khadi lakelake la buku limathetsa zonse ziwiri za nyimbozi.

Kupitiriza pamene munthu analekezera

Kampani ya Apple, imene inatulutsa iPod mu 2001, inathetsa vutoli ndi mtundu wa fayilo wotchedwa M4B: buku lonse limakhala fayilo imodzi yokhala ndi zizindikiro za mitu, ndipo chipangizo chimakumbukira sekondi imene womvera anaimira. Eni iPod ankangosintha mapeto a dzina kuchoka ku .m4a kukhala .m4b kuti fayilo itengedwe ngati buku. Kwa anthu osaona kuli dongosolo la DAISY, limene bungwe lake linakhazikitsidwa mu 1996, lolola kudumphira pa mutu, ndime kapena tsamba. Zonse ziwirizi zimafuna chipangizo kapena pulogalamu yozidziwa. Pa foni ya Android pali mapulogalamu omvetsera mabuku amene amasunga malo ngakhale pa MP3 wamba.

Kawailesi ka kumsika sikadziwa zimenezi. Kena kamakumbukira nambala ya fayilo n'kuyiyambira poyamba, kena kamabwerera ku 001 batire likatha kapena khadi likazulidwa. Batani lothamangitsa mawu ndi lomwelo lodumphira ku fayilo yotsatira, kusiyana kwake n'kutalika kwa kudina, ndipo chala chikaterereka ola lathunthu limatayika. Choncho ulangizi wa M4B, wakuti buku lilumikizidwe kukhala fayilo imodzi, umatembenuzidwa m'madera ngati amenewa: buku limadulidwa m'zidutswa za mphindi 10 mpaka 15, kuti wotaya malo asabwerere kutali. Baibulo linadulidwa kale, popeza mitu ya Chipangano Chatsopano imatenga mphindi zinayi kapena zisanu mwa avereji, ngakhale kuti Salimo 117 lili ndi mavesi awiri pamene Salimo 119 lili ndi 176. Mutu wautali wa nkhani yopeka umadulidwa pothera ndime, osati pakati pa zokambirana.

Popeza chipangizo sichionetsa dzina, dzinalo limanenedwa ndi pakamwa. Chidutswa chilichonse chimayamba ndi wowerenga kutchula buku ndi mutu, monga Marko, mutu 3, ndipo chomaliza chimanena kuti buku latha. Kwa womvera wosaona imeneyi ndiyo njira yokhayo yodziwira pamene ali, chifukwa akadina batani amamva yekha m'masekondi awiri ngati wafika. Pa mawailesi okhala ndi mabatani a manambala, kapepala kolemba nambala ya mutu woyamba wa buku lililonse kamathandiza mtsogoleri wa gulu kupita pa 069 popanda kudina maulendo 68.

Makhadi ndi moto

Mawailesi ambiri amawerenga makhadi a dongosolo la FAT32 okha, limene limabwera pa makhadi osapitirira 32 GB. Aakulu kuposa apo amabwera ndi exFAT, ndipo wailesi imakhala ngati mulibe kanthu. Pamsika pamapezekanso makhadi achinyengo olembedwa kukula kumene alibe. Kompyuta imasonyeza kuti zonse zalowa, mitu yoyambirira imamveka, koma ina imakhala yowonongeka. Poyesa khadi, womvera amamvera fayilo yoyamba, ya pakati ndi yomaliza pa chipangizo chimene chidzagwire ntchito, asanachoke pa shopu. Kompyuta yolandira makhadi ambiri patsiku imafalitsanso mavairasi amene amabisa mafoda.

Timawailesi tambiri timagwiritsa ntchito batire lofanana ndi la mafoni akale a Nokia, lotchajidwa ndi waya wa USB pa sola ya panyumba kapena pa shopu yolipiritsa. Kusowa kwa galasi lowala kumachititsa kuti moto ukhalitse kuposa wa foni yamakono. Mawu ojambulidwa motsika amakakamiza womvera kukweza voliyumu mpaka kumapeto, ndipo batire limatha msanga, zimene zimavuta m'masiku a mitambo a Januwale ndi Febuluwale kapena a nkhungu ya m'mapiri a Ntchisi m'nyengo yozizira, pamene sola simadzaza.

Malamulo

Kujambula buku la munthu wina n'kumaligawa kumafuna chilolezo cha mwini wake. Ku Malawi nkhaniyi imatsata lamulo la Copyright Act la mu 2016, limene limateteza ntchito pa moyo wonse wa wolemba ndi zaka 50 atamwalira, ndipo bungwe loona za umwini wa ntchito za luso ndi COSOMA. Buku lomvetsera likhoza kukhala ndi eni atatu: wolemba kapena womasulira, wosindikiza, ndi amene anajambula mawu. Mabungwe ofalitsa Baibulo lojambulidwa amakhala ndi malamulo awoawo a mmene lingakoperedwe, ndipo kupezeka kwaulere pa intaneti sikupereka ufulu woligulitsa. Nthano ndi miyambi ya makolo zili m'gulu lina, limene lamulo limaliika m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse a dziko lino.

Mabuku a nkhani a m'Chichewa ojambulidwa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi achipembedzo, ngakhale amene akukamba za dera lomweli. Samuel Josia Ntara, wolemba Nthondo wa mu 1933, analembanso Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa. Mphunzitsi wofuna kujambulira ophunzira buku lotere amayamba wafufuza amene ali ndi umwini wake lero. Kwa anthu osaona ndi ena olephera kuwerenga zosindikizidwa, Pangano la Marrakesh la mu 2013, limene Malawi inalowamo mu 2017, limafuna kuti maiko alole mabungwe ovomerezeka kuwakonzera makope a Braille, a zilembo zazikulu kapena omvetsera, ndiponso kusinthana makopewo ndi maiko ena. Makope otere ndi a anthu amenewo okha ndipo sagulitsidwa kuti apindulitse wokonza.